Kotlin, Flutter, React Native kapena webusaiti: apu yanu muimange pati?

Mu Juni 2018 kampani ya Airbnb inalengeza kuti ikusiya React Native, chida cholembera apu kamodzi kuti igwire pa Android ndi pa iPhone pomwe, chomwe inalembera mbali zina za apu yake ya pa foni kwa zaka ziwiri. Olemba mapulogalamu omwe ankadana ndi chidachi anaomba m'manja, nkhaniyo n'kumatumizirana paliponse kuti mlandu watha. Mu Januwale 2020 kampani ya Shopify ya ku Canada inalengeza zosemphana ndi zimenezo: maapu ake onse atsopano azilembedwa ndi React Native yomweyo. Gulu linalo nalonso linaomba m'manja. Mpaka lero, mkangano ukabuka pakati pa madivelopa, wina amatchula Airbnb, mnzake n'kuyankha ndi Shopify.

Makampani awiriwa sananame, ndipo palibe yemwe anasokonezeka mutu. Airbnb inali kale ndi maapu awiri akuluakulu, ya iPhone ndi ya Android, iliyonse ndi gulu lake la akatswiri. Itawonjezera React Native inapezeka ikusamalira zinthu zitatu m'malo mwa ziwiri, ndipo vuto likabuka anthu ankavutika kudziwa kuti lili mbali iti. Shopify inali ndi anthu ambiri odziwa kale JavaScript ndi React, chiyankhulo ndi chida cholembera mawebusaiti zomwe React Native inachokerako, ndipo inayambira pa maapu atsopano. Aliyense anasankha poona anthu omwe anali nawo ndi makasitomala omwe ankawatumikira. Chomwe chimandipweteka n'chakuti mnyamata kapena mtsikana yemwe wangomaliza sukulu ku MUBAS, ku Mzuni kapena ku UNIMA amalowa mkanganowu n'kutenga mbali pa zifukwa za anthu a ku San Francisco, omwe kasitomala wawo wagwira iPhone yatsopano ndipo intaneti siimuduka.

Kumene mkanganowu unachokera

iPhone inatuluka mu 2007, App Store n'kutsegulidwa mu 2008, ndipo chaka chomwecho foni yoyamba ya Android, HTC Dream, inafika pamsika. Kuyambira pamenepo, wofuna kufikira anthu onse ankayenera kulemba apu imodzi kawiri: ya Apple m'chiyankhulo cha Objective-C, ya Android mu Java. Magulu awiri, malipiro awiri, ndipo cholakwika chilichonse n'kuchikonza kawiri. Pafupifupi chida chilichonse chomwe anthu amakanganirana lero chinabadwa pofuna kuthawa mtengo umenewu.

Oyamba kuyesa anagwa. Kampani ya Adobe inkafuna kuti Flash, chida chake choonetsera mavidiyo ndi masewera pa webusaiti, igwire pa mafoni onse, koma mu Epulo 2010 mkulu wa Apple Steve Jobs analemba kalata yapoyera yokana Flash pa iPhone, ndipo pofika kumapeto kwa 2011 Adobe inasiya yokha kukonza Flash ya m'mafoni. Facebook inayesa kulemba apu yake ndi HTML5, chiyankhulo cholembera mawebusaiti, apuyo n'kumakoka miyendo, mpaka mu Seputembala 2012 Mark Zuckerberg anavomera pagulu kuti kudalira kwambiri HTML5 kunali kulakwitsa kwakukulu kwa kampaniyo. Ena anataya zambiri kuposa apa. Omwe anathera zaka akuphunzira Symbian, pulogalamu yomwe inkayendetsa mafoni a Nokia, anadzidzimuka mu Febuluwale 2011 Nokia italengeza kuti ikupita ku Windows Phone, ndipo omwe anatsatira Windows Phone anaona nayonso ikufa pasanathe zaka khumi.

N'chifukwa chake mkanganowu umakhala waukali. Munthu akamateteza Flutter kapena Kotlin ndi mtima wonse, akuteteza zaka zomwe wathera pophunzira, ntchito yomwe ali nayo, ndi yomwe akuyembekeza kudzapeza mawa. Ine sindimunyoza. Koma mkwiyo wake sukuuzani kanthu za apu yanu.

Yambani ndi foni yomwe ili m'manja mwa kasitomala

Musanatsegule kompyuta, pemphani munthu yemwe mukumulembera apuyo akubwerekeni foni yake. Kwathu kuno kawirikawiri idzakhala Itel, Tecno kapena Infinix, zonse za kampani imodzi ya Transsion, kapena Samsung yotsika mtengo. RAM yake, memole yomwe maapu amagwiriramo ntchito akatsegulidwa, ndi 2 GB kapena 3 GB. Galasi linang'ambika pakona. Mukalowa mu settings mupeza malo osungira zinthu atsala pang'ono kudzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp, ndipo mwini wake adzakuuzani kuti foni ikadandaula za malo amafufuta apu yomwe ikuoneka yaikulu. Bandulo yomwe wagula mwina ndi ya WhatsApp yokha, kotero Play Store siitseguka n'komwe. Maapu ambiri omwe ali nawo anachita kutumiziridwa ndi mnzake pa Xender kapena pa Bluetooth.

Foni imeneyi ndiyo iweruze njira zonse zili m'munsizi.

Kotlin, njira ya mwini Android

Kotlin ndi chiyankhulo cha kampani ya JetBrains. Chinafika pa 1.0 mu 2016, Google n'kuchivomereza pa Android mu 2017, ndipo mu 2019 inanena kuti zatsopano zonse ziziyamba ndi Kotlin. Nthawi yonseyi Google inali pa mlandu wokhudza Java ndi kampani ya Oracle, mwini wake wa chiyankhulocho, womwe unayamba mu 2010 n'kutha mu Epulo 2021 bwalo lalikulu la ku America litagamula mokomera Google. Kuyambira 2021 palinso Jetpack Compose, yomwe inapeputsa ntchito yokonza masikirini poyerekeza ndi mafayilo a XML akale aja.

Ubwino wa Kotlin ndi woti palibe mkhalapakati pakati pa inu ndi foni. Apu imakhala yaing'ono, imatseguka msanga, ndipo imadya RAM yochepa. Chilichonse chomwe Android imatha kuchita mumachifikira tsiku lomwe chatuluka, osadikira kuti wina alembe plugin, kachidutswa ka khodi kolumikiza chida chanu ndi luso la foniyo. Izi zimaoneka bwino pa ntchito zomwe n'zofala kwathu: apu yolumikizana ndi kamakina kosindikiza malisiti pa Bluetooth, apu yomwe iyenera kusunga mafomu mazana popanda netiweki n'kudzawatumiza yokha foni ikafika pomwe pali netiweki, apu yotenga malo ndi GPS kumunda. Mafoni ambiri otsika mtengo amatseka mapulogalamu omwe akugwira ntchito mobisika pofuna kusunga batire, ndipo kulimbana ndi khalidwe limeneli n'kosavutirako mukamalankhula ndi Android mwachindunji. Si mwangozi kuti ODK Collect ndi apu ya DHIS2 ya pa Android, zomwe ogwira ntchito zaumoyo ndi ochita kafukufuku amayenda nazo m'midzi, zinalembedwa ndi Java ndi Kotlin.

Mtengo wake uli pawiri. Poyamba, mwalemba apu ya Android yokha. Tsiku lomwe bwana adzafunse za iPhone, ntchito iyambiranso. Chachiwiri ndi kulemera kwa zida. Android Studio, pulogalamu yolemberamo maapu a Android, imafuna RAM yosachepera 8 GB, ndipo pa laputopu ya kaunjika ya 4 GB mudzathera nthawi yambiri mukuyang'ana Gradle, chida chomangira apu kuchokera ku khodi yanu, ikuzungulira. Ulendo woyamba imadawuniloda mafayilo a ma MB mazanamazana, ndipo magetsi kapena bandulo zikathera pakati mumayambiranso. Langizo langa kwa aliyense wa laputopu yofooka: iwalani za emulator, foni yongoyerekeza ya pa kompyuta. Tengani foni yeniyeni, lowani mu settings, dinani Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options itseguke, yatsani USB debugging, lumikizani ndi chingwe. Laputopu ipuma, ndipo muziona apu yanu mmene kasitomala adzaionere. Dziwaninso kuti Flutter ndi React Native nazonso zimafuna Android SDK ndi Gradle yomweyo mukamamanga apu pa kompyuta yanu, choncho katunduyu si wa Kotlin yokha.

Za Swift, cholembera maapu a iPhone, sinditaya nthawi. Ndi chiyankhulo chabwino chomwe Apple inatulutsa mu 2014, koma Xcode, pulogalamu yolemberamo maapu a iPhone, imagwira pa Mac pokha, ndipo akaunti ya Apple ndi madola 99 chaka chilichonse pamene ya Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha. Aliyense yemwe anayesapo kulipira madola ndi khadi ya banki ya kuno, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akudziwa kuti ndalama imeneyi siipezeka mwamasewera. Swift ndi yofunika ngati makasitomala anu ali ku Britain, komwe pafupifupi theka la anthu ali ndi iPhone, kapena ngati mukusaka ntchito ku kampani yakunja. Ngati apu ndi ya alimi a ku Mchinji, iPhone idikire.

Flutter

Flutter 1.0 inatulutsidwa ndi Google mu Disembala 2018 ku London. Nzeru yake ndi yosiyana ndi zida zina zonse: siigwiritsa ntchito mabatani ndi mindandanda ya Android kapena ya iPhone. Imatenga sikirini yopanda kanthu n'kujambula yokha chilichonse, poyamba ndi injini ya Skia, pano ndi ina yotchedwa Impeller. Khodi imalembedwa m'chiyankhulo cha Dart ndipo imasinthidwa kukhala malamulo a makina apu isanafike pa foni.

Zotsatira zake n'zomwe zimakopa anthu. Apu imaoneka chimodzimodzi pa Tecno ya zaka zisanu zapitazo ndi pa Samsung yatsopano, ndipo simudzuka ndi uthenga woti batani lasowa pa foni ya mtundu wakutiwakuti. Pali hot reload: mukasintha mtundu wa batani n'kusunga fayilo, foni yomwe ili patebulo imasintha nthawi yomweyo, fomu yomwe munali kudzaza ili momwemo. Kwa munthu yemwe akugwira yekha, ndipo kasitomala wakhala pambali pake akunena kuti chilembochi chikule, chithunzichi chitsike, chinthu chimenechi chimapulumutsa maola ambiri. Zida zambiri zofunika zimabwera pamodzi ndi Flutter yomweyo, ndipo malangizo ake analembedwa momveka bwino. Google Pay inalembedwanso ndi Flutter, banki ya Nubank ya ku Brazil imaigwiritsa ntchito, BMW nayonso.

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi zoona. Yoyamba ndi kukula: popeza apu iliyonse imanyamula injini yakeyake, ngakhale apu yongolemba moni imapitirira 4 MB, ndipo yeniyeni imakula kuposa mnzake wa Kotlin. Izi zili ndi mankhwala ake. Musamatumizire anthu APK (fayilo yoikira apu pa Android) imodzi yonyamula mitundu yonse ya purosesa. Gwiritsani ntchito split-per-abi kapena App Bundle, njira zogawira apu kuti foni iliyonse ilandire mbali yake yokha, ndipo fayilo ichepa kwambiri. Yachiwiri ndi Dart: kunja kwa Flutter, ndi makampani ochepa kwambiri omwe amaifuna. Wophunzira JavaScript kapena Kotlin ali ndi kothawira, pamene wa Dart wamangirira tsogolo lake pa chida chimodzi.

Yachitatu ndi yomwe imatchulidwa mokweza: Google imapha zinthu zake. Inatseka Google Reader mu 2013, Stadia mu Januwale 2023, ndipo mu 2024 inachotsa ntchito anthu ena a m'magulu a Flutter ndi Dart. Mu Okutobala chaka chomwecho Matt Carroll, yemwe kale anali m'gulu la Flutter, anayambitsa nthambi yake yotchedwa Flock podandaula kuti gululo ndi laling'ono poyerekeza ndi anthu omwe amadalira chidacho. Manthawa ndimawamvetsa, koma ine sindiwaika patsogolo. Khodi ya Flutter ndi yotseguka kwa aliyense, makampani akuluakulu aikapo chuma chawo, ndipo apu yomwe mwamanga kale siileka kugwira ntchito chifukwa cha nkhani za ku ofesi ya Google. Chomwe chiyenera kukudetsani nkhawa kwambiri ndi ma plugin. Tsiku lomwe mudzafune kulumikiza apu ndi kachipangizo kowerenga zala kapena makina a malisiti omwe plugin yake inasiyidwa zaka zitatu zapitazo, mudzalemba mbali imeneyo ndi Kotlin, mufune musafune.

React Native

Facebook, yomwe pano ndi Meta, inatulutsa React Native mu 2015, patapita zaka ziwiri React ya pa webusaiti itatuluka. Apa mumalemba ndi JavaScript kapena TypeScript, koma zomwe zimaoneka pa sikirini ndi mabatani enieni a Android ndi a iPhone. Apple ikasintha maonekedwe a foni zake, monga inachitira mu 2025, zambiri mwa zosinthazo zimafika mu apu ya React Native mosavuta, pamene a Flutter amayenera kuzijambula okha.

Mphamvu yake yaikulu si ya mu khodi ayi, ndi ya anthu. Odziwa JavaScript ndi ochuluka kuposa odziwa chiyankhulo china chilichonse pa zomwe tatchulazi, ku Lilongwe ngakhale ku Johannesburg. Munthu mmodzi akhoza kulemba webusaiti ndi React, seva ndi Node, apu ndi React Native, osasintha chiyankhulo. Kwa kampani ya anthu atatu, imeneyi si nkhani yaing'ono. Ndipo kwa wofuna ntchito yakunja yogwirira kunyumba, React ndi TypeScript zimatsegula zitseko zambiri.

Zambiri zomwe anthu amanena zonyoza React Native ndi za nthawi ya Airbnb ija. Kale JavaScript ndi foni zinkalankhulana kudzera pa chomwe ankachitcha bridge, ndipo mauthenga akachuluka apu inkachita chibwibwi. Mu 2019 kunabwera injini ya Hermes, yomwe inapangidwa makamaka kuti maapu azitseguka msanga pa mafoni a Android ofooka, ndipo mu Okutobala 2024, pa 0.76, kamangidwe katsopano kopanda bridge kanakhala kokhazikika. Palinso Expo, gulu la zida zopeputsa ntchito ya React Native, yomwe kwa ife ndi thandizo lenileni: mukhoza kuyesa apu pa foni yanu musanaike n'komwe Android Studio, ndipo makompyuta awo akhoza kukumangirani apu ya iPhone inu mulibe Mac, ngakhale madola 99 aja salephera. Mukhozanso kutumiza zokonza zing'onozing'ono molunjika ku mafoni a anthu osadutsa ku Play Store.

Chomwe sichinathe ndi kudalira ma library, mapaketi a khodi olembedwa ndi anthu ena. Apu wamba ya React Native imakoka mapaketi mazana, foda ya node_modules n'kutupa kufika ma MB mazanamazana, ndipo paketi iliyonse ili ndi mwini wake yemwe akhoza kutopa n'kuisiya. Siyani pulojekiti kwa chaka ndi theka, kenako yesani kuikweza: apa ndi pomwe anthu ambiri amalumbira kuti sadzabwereranso. Pa foni ya 2 GB, mndandanda wautali wokhala ndi zithunzi umafuna kuulemba mosamala, apo ayi umadodoma. Ndipo nkhani ya mwini chida ilipo kunonso. Mu 2017 layisensi ya React inali ndi ndime yokhudza ma patent yomwe inachititsa Apache Software Foundation kuiletsa m'mapulojekiti ake, WordPress n'kulengeza kuti ikuisiya, mpaka Facebook inagonja mu Seputembala n'kusinthira ku layisensi ya MIT.

Ziwiri zina, mwachidule

Kotlin Multiplatform inakhazikika mu Novembala 2023, ndipo Google inaivomereza mu 2024. Mumalemba kamodzi ubongo wa apu, monga kuwerengera, kusunga deta ndi kulankhula ndi seva, masikirini n'kuwalemba padera kapena ndi Compose Multiplatform. Kwa yemwe wayamba ndi Kotlin, iyi ndi njira yodzafikira iPhone mtsogolo osataya zomwe analemba, ndipo yachepetsa mphamvu ya mfundo yoti Kotlin imakutsekerani ku Android.

.NET MAUI ya Microsoft ndi yoyenera ofesi yomwe zinthu zake zonse zili kale m'chiyankhulo cha C#. Kupatula apo sindingailimbikitse. Microsoft inagula Xamarin, chida chomwe MAUI inadzalowa m'malo mwake, mu 2016, n'kusiya kuithandiza pa 1 Meyi 2024, ndipo omwe anamangapo maapu anayenera kusamukira ku MAUI pa ndalama zawo. Adobe nayo inatseka chida chake cholembera maapu cha PhoneGap mu 2020. Womanga pa chida cha kampani ina ali ngati munthu wa lendi: akhoza kupaka penti, kudzala maluwa, kukhalamo zaka khumi, koma mwini nyumba akaganiza zina amapatsidwa notisi. Izi n'zoona pa zida zonse zomwe zili m'nkhani ino, kusiyana kwake n'kwakuti eni nyumba ena amaneneratu nthawi ikadalipo.

Njira zomwe okangana amaziiwala

Webusaiti yolembedwa bwino ikhoza kuchita zambiri zomwe anthu amafunira apu. Dzina loti Progressive Web App linayamba mu 2015, ndipo tanthauzo lake ndi webusaiti yomwe munthu amaika chizindikiro chake pa sikirini ya foni, imatseguka ngakhale netiweki palibe, ndipo imatha kutumiza mauthenga. Twitter Lite ya mu 2017 inapangidwa motere pofuna anthu a intaneti yodula ndi yochedwa. Simulipira Google kapena Apple, simudikira kuti wina avomereze, mumangotumiza linki pa WhatsApp. Kumbukirani kuti kuyambira Novembala 2023, munthu wotsegula akaunti yatsopano ya iye mwini pa Google Play ayenera kupeza anthu oyesa apu yake kwa masiku 14 isanaloledwe kupita kwa onse. Poyamba ankafuna anthu 20, kenako anatsitsa kufika pa 12. Webusaiti ilibe mpanda umenewu, ndipo laputopu ya 4 GB ija imaikwanitsa bwinobwino.

Malire ake alipo. Pa iPhone, mauthenga a webusaiti anayamba kuloledwa mu 2023, ndipo Safari siilola webusaiti kugwiritsa ntchito Bluetooth. Anthu ambiri amatsegula intaneti ndi Opera Mini, yomwe ikakhala pa njira yopulumutsa deta kwambiri zinthu ngati kugwira popanda netiweki sizitheka. Munthu akafufuta deta ya browser pofuna malo, mafomu omwe anali asanatumizidwe amapita nawo. Simungatumizirane webusaiti pa Xender. Ndiponso pali anthu, kuphatikizapo mabwana opereka ndalama, omwe sakhulupirira kuti chinthu chilipo ngati sachiona pa Play Store. Komabe kwa sukulu yofuna makolo aziona zotsatira za mayeso, malo ogona alendo ku Mangochi, kapena sitolo yofuna kuonetsa katundu ndi mitengo, ine ndinganene kuti webusaiti ndi yokwanira, ndipo wowauza kuti akufunika apu akuwadyera ndalama.

Ndiye pali USSD, njira ija yoyimba manambala a * ndi #, yomwe simudzaimva m'mikangano ya pa YouTube. Anthu akamayimba *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba kapena *626# ya Mo626, akugwiritsa ntchito pulogalamu yomwe imagwira pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, popanda bandulo. Ndi yosakongola, uthenga umodzi sungapitirire zilembo 182, munthu akachedwa kuyankha imaduka, ndipo muyenera kugwirizana ndi kampani ya mafoni kapena mkhalapakati wake n'kumalipira. Koma ngati omwe mukuwafuna ndi mamembala a banki mkhonde kapena alimi ofuna kudziwa mtengo wa soya, ambiri mwa iwo sadzaona apu yanu ngakhale mutailemba ndi chida chotani. Seva yomwe ili kuseri kwa USSD mukhoza kuilemba ndi PHP, Python, Java kapena china chilichonse chomwe mukuchidziwa.

Ine ndingasankhe chiyani

Ngati apu idzagwira kumudzi, pa mafoni ofooka, popanda netiweki kwa masiku, kapena ikukhudza zipangizo monga makina a malisiti, sankhani Kotlin. Pamenepa sindikayika. Ngati muli nokha kapena awiri, kasitomala akufuna Android ndi iPhone pa bajeti imodzi, ndipo apuyo ndi ya mafomu, mindandanda ndi malipiro, Flutter ndi yomwe idzakufikitseni msanga ndi mavuto ochepa. Ngati inu kapena gulu lanu mumadziwa kale React, musataye luso limenelo pothamangira Dart chifukwa choti wina wanena pa intaneti kuti React Native inafa; tengani Expo muyambepo.

Kwa wophunzira yemwe sanasankhe, maganizo anga ndi awa: yambani ndi webusaiti, chifukwa laputopu yanu ikwanitsa ndipo luso lake limagulika kulikonse. Kenako phunzirani Kotlin pang'ono, ngakhale mutadzakhala wa Flutter kapena wa React Native. Uthenga wofiira wa Gradle, chilolezo cha kamera chomwe chakanidwa, apu yomwe yafa foni itagona: zonsezi ndi za Android, ndipo zimapeza aliyense posatengera mbali yomwe ali.

Mukakayikabe pakati pa ziwiri, musafunse pa gulu la WhatsApp, chifukwa aliyense adzakuuzani chomwe iye amadziwa. Lembani masikirini atatu omwewo ndi zida zonse ziwiri: lolowera, mndandanda wa zinthu 500 zokhala ndi zithunzi, ndi fomu yosunga popanda netiweki. Mangani ya release, yopita kwa anthu, osati ya debug, yoyeserera polemba, pakuti ya debug imakhala yaikulu ndi yochedwa ndipo yanamiza anthu ambiri. Ikani pa foni yotsika mtengo kwambiri yomwe mungabwereke, muone kukula kwa fayilo, masekondi omwe ikutenga kuti itseguke, ndi mmene mndandanda ukuyendera chala chikamathamanga.

Funso lomwe limaposa onsewa kwa bungwe kapena kampani yolemba munthu ntchito ndi loti adzaisamale ndani. Chaka chilichonse, chakumapeto kwa Ogasiti, Google Play imakweza mlingo wa Android womwe maapu ayenera kutsatira, ndipo apu yosiyidwa osakonzedwa imaleka kuoneka kwa anthu atsopano omwe ali ndi mafoni atsopano. Apu si chinthu chomanga kamodzi. Maapu ambiri omwe ndawaona akufa sanafe chifukwa cha Flutter kapena React Native. Wolemba anapeza ntchito ina kapena anapita ku Joni, khodi ili pa laputopu yake, akaunti ya Play Store ili pa imelo yake, ndipo wotsatira anapeza chida chomwe palibe wina mumzinda wonse amachidziwa. Choncho musanasaine pangano, funsani ngati mungapeze anthu ena awiri odziwa chida chomwe wasankhacho. Akaunti ya Google Play itsegulidwe m'dzina la bungwe, ndi imelo ya bungwe. Khodi ikhale pa GitHub kapena GitLab (malo osungira khodi pa intaneti) ya bungwe kuyambira tsiku loyamba, osati kudzaperekedwa pa flash ntchito ikatha. Fayilo ya keystore, yomwe imasainira apu kuti ndi yanu, ndi mapasiwedi ake zisungidwe ndi anthu osachepera awiri, chifukwa ngati mumagawa APK panokha n'kutaya fayilo imeneyi, zokonza zatsopano sizidzalowa pamwamba pa apu yakale, ndipo aliyense adzayenera kufufuta n'kuikanso. Ndipo mu bajeti muikemo ndalama zolipira munthu woikweza apuyo kamodzi pachaka.